Lakwitsani pa Mbuzi, Osati pa Bondo Langa

Olemekezeka a Wapampando a Chipani m'boma muno, Bwana Disi, mafumu onse, a Shehe ndi Bambo Mfumu, a Dokotala Lyford amene mumaphunzitsa opaleshoni, a Sisitala Clementina, amayi amene mwaimba mpaka mawu kusasa, ndi inu ana ovala zoyera amene chipinda tikutsegulachi ndi chanu: ndakulonjerani nonse.

Mpandowo chotsani, iyayi, ndiimirira. Pepala limene anandilembera akalaliki likhale m'thumba momwemu. Ine Uladi sindinapondemo m'kalasi, ndipo mawu a munthu wina sakhazikika m'kamwa mwanga.

Ntchito yanga ndi yozinga mbuzi pa msika wa Balaka. Ena mukunong'onezana kuti mlendo wolemekezeka akununkha mbuzi bwanji. Imvani.

Mwana wanga Jimu, uyo wakhala kumapetoyo ndi ndodo zake, ankagwira ntchito ku njanji. Ngolo ya sitima inampanikiza mwendo, mtsempha waukulu wa magazi n'kung'ambika. Tinathamangira naye ku chipatala china, dzina ndilisunga, ndipo tinapeza dokotala wachinyamata, waulemu, wodziwa mabuku. Anasoka, magazi n'kumachuchabe. Anasokanso, mtsempha n'kumanyotsoka. Mwendo unada, anaudula. Potuluka, thukuta lili kamukamu, anati: "Abambo, kanali koyamba." Sindinamtukwane. Ndinangobwerera kwathu ndikudziwa kuti mwana wanga ndiye anali sukulu yake.

Ndiye a Dokotala Lyford atabwera pa msika kudzapempha mitsempha ya mbuzi, ndinayamba ndawabweza. Ndinati: "Chipatala chinandidyera mwendo, lero chikufunanso mbuzi?" Iwonso ndi a makani ngati ine. Anandikokera kuno kuti ndidzaone ndekha.

Amamanga mtsempha wa mbuzi pa thabwa, n'kuudula pakati, wophunzira n'kuulumikiza ndi ulusi woonda ngati tsitsi, kenako n'kupoperamo madzi ofiira kuti aone ngati ukudontha. Tsikulo madzi anawaza nkhope yonse ya mmodzi wa ophunzirawa, a Willard awo. Musazolike, a Willard, ndi inuyo. Onse anaseka. Ine sindinaseke. Ndinasuzumira pakhomo, ndipo panalibe mayi wolira, panalibe bambo wodikira. Kuchokera pamenepo mitsempha ya mbuzi zanga imabwera kuno m'chitini cha madzi a mchere, ndipo idzabwerabe.

Ndatopa, a Wapampando; ukalamba wafika, ndipo njira ya kwathu ku Kasupe, kumene inu mukuti Machinga, yandikulira. Koma ndisabise chimene chandiimika pano. Kuseri kwa bondo langali kwatuluka chotupa ngati dzira la bakha, chimagunda ngati mtima. A Dokotala akuti mtsempha wafufuma, ndipo ukausiya mwendo upita. Mwezi wa mawa ndigona patebulo lanu. Amafuna kunditumiza ku Blantyre, ndakana. Andisoke a Willard, aphunzitsi awo ataima pambali. Ndinaona madzi akuwanyowetsa, ndaonanso sabata yatha thabwa lawo lili louma.

Komabe a Willard, musakhute. Lowani m'chipindamu mmawa ndi masana, mulakwitse, mumasule, musokenso, mpaka zala zidziwe zokha. Mbuzi ndili nazo zambiri, koma bondo ndi lomweli, ndipo pakhomo panga sipakwana ndodo za anthu awiri.

Ndi mawu amenewa, pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu nonse, ndikulengeza kuti chipinda chophunziriramo kusoka mitsempha chatsegulidwa. Tsopano mpando uja bweretsani.

Zikomo kwambiri.