Anam'boola Pakhosi Mwana Wanga

Abale anga mwa Ambuye, moni nonse. Ndine Anastazia, wa m'munsi mwa Chongoni. Ndikuuzeni za mwana wanga Simoni, amene mpweya unam'kanika kudutsa pakhosi.

Zinali zaka za nkhondo ya Azungu, atate ake atatengedwa kumtengatenga, kukasenza katundu wa asilikali, kumene sanabwereko. Ndinali nditaika kale ana awiri ndi nthenda yomweyi. Imayamba ngati chimfine cha nthawi yozizira, kenako kummero kumamera chinthu chotuwa, mwana n'kumapuma molira ngati nkhuku ya chitopa. Nditamva kulira kumeneko mwa Simoni, mtima unagwa. Alongo anga aPetulo, eni mbumba, anam'temera mphini pakhosi, koma milomo inangopitirira kuda. Kupemphera ndinkapemphera, koma ndisaname, maso anali kale pamphasa yom'kulungira.

Kenako kunatulukira mayi wa mpingo wina, amene ife Akatolika tinkam'lambalala kuchitsime. Anati kumishoni kwawo kuli dokotala. Tinabereka mwanayo mosinthana kudutsa m'mapiri, aPetulo akutsatira m'mbuyo monyinyirika.

Dokotalayo anati njira yatsekeka, ndipo kuti mwana apume, ayenera kum'boola pakhosi n'kulowetsapo kampope kachitsulo.

"Khosi timadula la mbuzi," anatero aPetulo. "Akafere kwathu, tikamuike wathunthu."

Kwathu mawu a mwini mbumba satsutsidwa, ndipo ine chibadwire ndinali ndisanawayankhepo. Koma Simoni anali atasiya ngakhale kuphupha.

"Achimwene, awiri aja tinaika athunthu," ndinatero. "Uyu ndilekereni."

APetulo anatola nkhwangwa yawo n'kutuluka. Ine ndinagwira miyendo ya mwana wanga, ndikudziwa kuti akafera pampeni, mudzi wonse udzati ndamupha ndine. Ndinatsinzina n'kuti Ambuye, ndilibenso wina. Magazi anandifika m'manja. Kenako ndinamva kamluzu, mpweya ukulowa pakampope paja, chifuwa n'kudzuka.

Kampopeko anadzachotsa, bala linapola. Koma aPetulo sanapondenso pakhomo panga mpaka imfa yawo, ndipo zimenezi zimandipwetekabe.

Ndikuthokoza Mulungu, amene anatuma munthu yemwe sindinkam'patsa ngakhale moni. Inu amene mwayang'ana kale pamphasa, musafulumire kuiyala, limbikani. Simoni lero ndi bambo wa ana, ali ndi chipsera pakhosi, mawu ake anasasa mpaka kalekale. Anthu amati salankhula zomveka. Ine akati "Amayi" ali kudimba, ndimamumva.