Tsiku Limene Ndinatseka Farimasiya ya Achimwene

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata kumbuyoko, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya! Ndikufuna kuchitira umboni. Mukaona ndayamba kulira mundipirire.

Ambiri mumandidziwa kuti Luiza wa tomato, wa pamsika wa kumalire kuja. Koma ndisanabwere kuno ku Zobwe ndinkakhala ku Moatize, kudera lotchedwa bairo ya 25 de Setembro, ndipo ndinkagulitsa mankhwala m'farimasiya ya achimwene anga. Mumvetse bwino abale, sindinaime pano kudzanyoza munthu. Pamene tinkabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndinali kamwana, makolo athu onse atatsala m'manda komweko. Anandilera ndi achimwenewo. Sukulu ndi iwo. Mwamuna wanga atandithawa n'kundisiya ndi ana awiri, amene anati "bwera kuno mlongo wanga" ndi iwo omwewo. Ngakhale kubaya jekeseni anandiphunzitsa ndi iwo.

Migodi ya malasha ili pachimake, farimasiya inkadzaza mpaka pakhonde. Kenako ntchito zinayamba kutha, alendo anabwerera kwawo, ife tinatsala ndi fumbi. Mankhwala ankangogona m'mashelefu. Achimwene anasintha, abale. Munthu woseka uja anayamba kukhala pakhomo n'kumayang'ana msewu. Ankati, "Luiza, munthu akalowa muno asatuluke chimanjamanja."

Tsiku lina kunabwera bambo wa ku Kambulatsitsi ndi mkazi wake, mkaziyo ali ndi khanda kumbuyo. Ine kanali koyamba kuwaona, koma kwa achimwene anali atabwerapo kale kangapo, nthawi imene ndinali kunyumba kudwazika mwana. Mayi uja anali ataonda, mafupa a m'khosi ali poyera. Atatsokomola anatseka pakamwa ndi chitenje, ndipo ndinaona magazi. Ndinamufunsa pansipansi kuti chifuwachi chinayamba liti. Anati, "Chiyambire mvula, mayi." Apo n'kuti anthu akukolola.

Achimwene anati, "Ndi fumbi la malasha limeneli. Kuchipatala cha boma mukangofera pamzere. Imwani sharope uyu, mankhwala amadzi a chifuwa, mubwerenso Lachisanu, pali jekeseni wamphamvu."

Bambo uja anaomba m'manja kwa achimwene, amene ankawatcha patrau, ndiye kuti bwana. "Ndigulitsa mbuzi yotsalayo, patrau, bola achire."

Atatuluka ndinati, "Achimwene, chija si chifuwa chachikulu? Kuchipatala amayeza makhololo, mankhwala akenso ndi aulere."

Anandiyang'ana. "Unakhala dotolo liti iwe? Aliyense tikamamutumiza kuchipatala, ana ako adya mashelefuwa? Lachisanu ndikupita ku Tete kukaoda katundu. Akabwera uwabaye, wamva?"

Abale, mtima wanga unasowa pokhala. Unasowa pokhala! Ndikatenga tsache, ndalisiya. Ndikakhala pansi, ndaimirira. Chakudya chinkangozungulira m'kamwa. Ndikayang'ana ana anga ndinkamva mawu akuti, khala chete, farimasiya si yako, iwe ndiwe wotumidwa. Ndikatseka maso kuti ndipemphere ndinkaona chitenje chija. Amayi anzanga, mukudziwa inu kupemphera kopanda mawu, kongoti Ambuye, Ambuye, Ambuye. Ndinafika mpaka popempha kuti anthu aja asabwere, shapa, minibasi ija, iwafere panjira, mwina ndipulumuke. Koma Mulungu sayankha pemphero la mantha.

Lachisanu anafika dzuwa lili pamutu. Jekeseni anali pathebulo, achimwene atandikonzera kale. Mayi uja analowa kuchipinda chakumbuyo n'kuyamba kumasula chitenje kuti ndimubaye. Khanda linali pabere, nkhope yake ili pansi penipeni pa kamwa la amake. Anatsokomola pomwepo, pamwamba pa mwanayo. Dzanja langa linakana. Ndinauika pansi jekeseni uja.

Ndinati, "Bambo, jekeseni uyu sangachize akazi anu. Ine si dotolo, koma zimene ndikuonazi zikufanana ndi chifuwa chachikulu. Pitani kuchipatala lero lomwe, ndi mwana yemwe."

Mukuganiza anandithokoza? Ayi abale, anakwiya. "Mukutithamangitsa chifukwa ndife akumudzi? Patrau ananena yekha kuti ndi fumbi. Mbuzi ndagulitsa kale!"

Ndinati, "Ndalama za mbuziyo sungani, mukawagulire akazi anu mkaka ndi mazira."

Kenako anatsitsa mawu. "Kumeneko amayezanso matenda enawo. Kumudzi adzatinena."

Apo mkazi wake, amene sanalankhulepo chilowereni, anati, "Abambo ake a mwana, asiyeni anene. Ine ndatopa."

Ndinatenga makiyi, ndinatseka farimasiya masana dzuwa likuswa mtengo, anthu a m'mashopu oyandikana akundiona. Tinayenda pang'onopang'ono, tikumapumira pamthunzi, ine nditanyamula khanda. Ndinawasiya m'manja mwa anamwino n'kubwerera.

Achimwene pofika madzulo anali atamva kale. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anati, "Luiza, ndinakulakwira chiyani? Wauza anthu kuti ndine wakuba?"

Ndinati, "Sindinatero achimwene. Ndangonena kuti jekeseni sangamuchize."

"Ndi chimodzimodzi. Siya makiyi pathebulopo."

Abale akumtundu anandiunjikira. Azakhali anati ndaluma dzanja londidyetsa. Ena anati Chikhristu chandizunguza mutu. Nyumba imene ndinkakhala inali ya achimwene, choncho ndinalongedza ndi ana anga n'kukwera shapa ya kuno ku Zobwe, kwa mnzanga wa kusukulu amene anandipatsa kachipinda ndi dengu la tomato loyambira.

Ndisakunamizeni, mtendere sunabwere tsiku lomwelo. Kuno kumazizira, ana anga anazolowera kutentha kwa Moatize, ankalira. Wamng'ono ankandifunsa kuti amalume abwera liti. Tomato akaola ndinkadzifunsa kuti, kodi ndinachita bwino? Nanga ngati linalidi fumbi? Nanga ngati mayi uja anamwalirabe? Ndiye kuti ndinataya mlongo wanga pachabe? Ndinkakhala pabenchi yachitatu iyo, inu mukuimba, ine mtima uli ku Kambulatsitsi, kwa anthu amene ngakhale dzina lawo sindinkalidziwa. Abusa, munkandifunsa kuti mayi muli bwino, ine n'kumati ndili bwino. Sindinali bwino.

Mwezi wathawu ndili pamsika, ndinangomva munthu wandigwira phewa. "Mayi a ku farimasiya, ndinu?" Ndinatembenuka, sindinamuzindikire. Mzimayi wa masaya ake, mwana akuyenda yekha atagwira chitenje. Anati, "Takufunani ku Moatize konse, mpaka wina wa shapa anati amakuonani kuno." Abale, ndinakhala pansi pa tomato wanga!

Chinalidi chifuwa chachikulu. Anamwa mankhwala mpaka kumaliza, mwananso anamupatsa omuteteza, ndipo sanadwale. Anamwino anamuuza kuti akanachedwa pang'ono, nkhani ikanakhala ina. Bambo uja, wokwiya uja, analinso pomwepo, ndipo anagwada pamsika anthu akuona, ine n'kumati dzukani bambo, gwadirani Mulungu.

Za achimwene sizinathe, ndipo ndikupempha mapemphero anu. Mpaka lero sitinalankhulane. Sabata yatha ndinapita ku Moatize, ndinadutsa dala pa farimasiya. Anali pakhomo. Anandiona, anakweza dzanja pang'ono, kenako analowa m'kati. Ine ndinaima pamsewu, sindinadziwe kuti ndilowe kapena ndipitirire. Ndinapitirira. Koma dzanja lija ndinaliona, abale, ndipo ndidzapitanso. Muwapempherere, chifukwa si munthu woipa, ndi mantha a njala amene anawagwira. Mupemphererenso onse otsokomola amene akulowabe pakhomo limenelo.

Koma lero sindinabwere ndekha, ndabwera ndi mayi wa chifuwa uja ndi banja lake. Amayi a Rozariya, imirirani anthu akuoneni. Bambo, inunso imirirani, mukwezeni mwanayo m'mwamba. Mwawaona? Achokera ku Kambulatsitsi m'mawa uno kudzathokoza nafe.

Zikomo Yesu. Zikomo abusa, zikomo mpingo pondisunga ndili mlendo. Tsopano musandisiye ndikondwere ndekha. Imirirani nonse, amayi nthungululu zimveke, achinyamata gwirani ng'oma. Amayi a Rozariya, yambitsani nyimbo ndinu, ife tivomera. Aleluya! Amen!