Chipsera cha mu Nyimbo ya Wade

— Halo?

— Darla? Ndine Rhonda.

— Ee, achemwali! Mwaswera bwanji ku Nashville?

— Taswera, kaya iwe? Amayi bondo lija?

— Likuwavutabe, koma dzulo anayenda mpaka kukhola la mahatchi. Ana ali bwanji?

— Ali bwino, akungokolopa za m'filiji.

— Nanga alamu anga otchukawo? Chimbale chawo nambala wani dziko lonse! Kuno wailesi iliyonse ndi Wade, Wade. Ngakhale pothira mafuta.

— Wachimvera chonse?

— Aa, mwa apo ndi apo. Ntchito zapafamu mukuzidziwa.

— Nyimbo yomaliza ija?

— Iti kodi?

— Usandipusitse iwe. Ija akuimba yekha ndi gitala, ya mkazi wa chipsera pantchafu.

— Oo, ija. Ndi yokoma.

— Yokomadi. Lamulungu azimayi akwaya anandiunjirira kutchalitchi. "Rhonda, koma ndiye mwamuna wako amakukonda! Tationetsa chipseracho." Amayi abusa mpaka misozi. Ine n'kumangosekerera ngati chitsiru.

— Ndiye chavuta n'chiyani?

— Ndilibe chipsera ine, Darla. Ntchafu zanga zonse zili see!

— Oimba amangopeka, achemwali. Kumeneko nyimbo imodzi si amalemba anthu atatu?

— Iyi analemba yekha. Akudzitama pawailesi kuti oimba nyimbo za country sanama, liwu lililonse ndi loona.

— Zotsatsira malonda izo.

— Nyimboyo ikutchula waya waminga, kuseri kwa chigafa cha fodya. Anagwa pahatchi pamenepo ndani? Anakubereka kumsana mpaka kunyumba, magazi ali chuchuchu, ndani?

— Nkhaniyo amaidziwa aliyense. Mwina munamuuza nokha.

— Ndinamuuza kuti unagwa. Sindinamuuze kuti chipseracho n'chopindika ngati mbedza. Zoti munthu akachigwira umaseka, ineyo ndazimvera pawailesi.

— Achemwali, tamverani...

— Ayi, umvere ndiwe. Ndinathyoka msana kuperekera khofi mulesitilanti kuti iye aziimbira mipando m'mabala. Ine sanandiimbepo ngakhale kamzere kamodzi. Lero ntchafu ya mng'ono wanga ili nambala wani! Zikundiwawa, Darla. Ndikukuchitira nsanje, ndipo sindibisa.

— Musatero.

— Loweruka kuli phwando la chimbalechi. Akufuna ndikaime pambali pake akamaimba imeneyo, makamera ali pa ine. Ndiuze ndisanagule diresi: zinatha, kapena zikupitirira?

— Halo? Halo? Mukuduka, achemwali, netiweki...

— Darla, ndaimba pa foni yawaya ya kukhitchini kwa amayi. Ilibe za netiweki imeneyo.

— Eti.

— Ndikukumva ukupuma. Yankha.

— Pepani, amayi akundiitana, ndikuimbirani...

— Ali pompo? Zakhala bwino. Apatse foniyo.

— Achemwali, chonde, amayi okha ayi.

— Apatse.