Matumba a Mkazi Wamng'ono

Masamu anamugwetsa kawiri Lukiya pa mayeso a Folomu 4, ndipo akalepheranso ulendo uno, za uphunzitsi aiwale. Ndiye masana ena anapatsa mwamuna wake Anwar pepala la mayeso akale kuti azimufunsa pakhonde. Apa ndiye anaputa mavu, chifukwa Anwar ndi mlimi, ndipo chilichonse cholembedwa amachitenga ngati uthenga wa pa wailesi.

"Mlimi anakolola matumba 40, anankafumbwe n'kudya 25 peresenti." Anwar anatsitsa pepala. "Mlimi wake uti ameneyu?"

"Palibe mlimi. Pitirizani."

"Osathira mankhwala? Pa Songani pompa mankhwala ali mbwee."

Lukiya anati funsolo likungofuna matumba otsala basi. Anwar anati otsalawo ndi gaga yekhayekha, poti nankafumbwe sadya thumba limodzi n'kusamba m'manja, amalowa monse.

"Bambo ake Rahema, mayeso safunsa za gaga."

"Ndiye lembani kuti munthuyo agulitse msanga chimangacho."

"Ndilembe zimenezo kuti ndigwe kachitatu?"

"Nanga ana ake adye chiyani?"

"Alibe ana."

"Kalanga ine, ngakhale ana alibe," anatero Anwar atagwira chibwano, chisoni chenicheni.

Lukiya analemba, nafufuta, nalembanso, thukuta kamukamu, mpaka anapeza 30. Mtima unali m'mwamba, chifukwa funso lotsatira linali la reshiyo, ndipo reshiyo ndi imene inkamuliza chaka ndi chaka.

"Bambo wina anagawira akazi ake awiri, wamkulu ndi wamng'ono, matumba 48 pa reshiyo ya 1 kwa 3." Anwar anakhala bwino pampando, nkhope ili ngwee. "Eya, ili ndiye funso lomveka. Bamboyu alibe vuto."

Lukiya anaika pensulo pansi pang'onopang'ono.

"Wamkulu matumba 12, wamng'ono 36. Ndiye mukuti alibe vuto?"

Anwar anatembenuza pepala kuyang'ana mayankho, maso anatuluka. Zinali ndendende. Anadumpha n'kuyamba kuwomba m'manja, akuti mkazi wake wakhoza reshiyo osalemba n'komwe, chaka chino uphunzitsi walowa m'nyumba.

"Khalani pansi," anatero Lukiya akukokera mpando pafupi. "Mlimi uja simumamudziwa, koma bamboyu mukumuikira kumbuyo. Wamng'onoyo amakhala mudzi uti?"