Tikhale Kaye Chete Tisananyamuke

Olemekezeka wapampando wa bungwe lathu, Mayi Rukiya Chande. Olemekezeka Abusa Katongo, amene mwatibwereka holo ino. Olemekezeka Shehe Mohammed. Makolo ochokera ku Malawi ndi ku Zambia. Ndi inu ana, amene ndikuona kuti maso anu ali pa bokosi lalitali ili, osati pa ine.

Ndikuthokoza pondiitana, ngakhale ndikudziwa kuti mpando uno munakonzera amuna anga, a Ferdinand, amene tinawaika m'manda mwezi watha.

A Ferdinand anakaphunzira uinjiniya ku Moscow ali mnyamata, ndipo anabwerako ndi dzina limene sanalisiye mpaka kukalamba: kosimonoti. Umu ndi mmene anthu a ku Russia amatchulira munthu wopita kumlengalenga, ndipo tanthauzo lake ndi woyendetsa ngalawa m'chilengedwe chonse. Mdzukulu wathu Chipego, wobadwira konkuno ku Gaithersburg, ku America, ankawatsutsa ndi dzina la kuno. "Agogo, mwalakwitsa, ndi asitironoti!" Iwo amvekere, "Iwe, amene anayamba kuzungulira dziko mu 1961 anali kosimonoti. Anadzipanikiza m'kachombo kakang'ono asakudziwa ngati abwerako, ndipo anatera ndi parachuti m'munda wa eni ake. Kafunse aphunzitsi ako!"

Anabwerakonso ndi mwambo wa kumeneko. Ulendo usanayambe, aliyense m'nyumba amakhala pansi chete kwa kanthawi, kenako n'kunyamuka. Kwathu zinali choncho, kaya ndi ulendo wa ku Lusaka, kaya takisi ikuliza hutala panja. Ndinkadandaula, koma ndinkakhala.

Tsiku lopita kuchipatala komaliza, ndinali nditanyamula kale chikwama. Iwo anandigwira dzanja nati, "Amake Chama, khalani kaye." Tinakhala. Sitinalankhule kanthu, ndipo sindinamvepo mawu okoma kuposa chete ameneyo.

M'bokosimu muli telesikopu yawo yoonera nyenyezi. Anailonjeza kwa ana inu, koma Mayi Chande ndi mboni kuti atabwera kudzaitenga ndinawabweza. Ndinkaona ngati ikatuluka m'nyumba, ndiye kuti mwiniwake watulukiratu. Dzulo ndinakhala nayo pansi monga tinkachitira, ndipo ndinazindikira kuti munthu sakhala pansi kuti ulendo ulephereke, koma kuti anyamuke mtima uli m'malo. Galasi lotsekeredwa m'bokosi silionetsa nyenyezi kwa wina aliyense.

Choncho ndikupempha tonse, akulu ndi ana, tikhale chete pang'ono.

Zikomo. Chipego, bwera udzatsegule bokosili. Usaope, agogo ako sakanakukalipira.

Olemekezeka nonse, ndi mtima wolemera koma wovomera, ndikulengeza kuti kalabu ya ana athu yophunzira za nyenyezi yatsegulidwa tsopano. Tanyamuka.

Zikomo kwambiri.