Chigoba cha Pepala cha Diep

Malemu Trinh Ngoc Diep anabadwa pa 9 Malichi 2016 kuno ku Nam Dinh, kwa bambo Trinh Van Khoa ndi mayi Luu Thi Nhan. Anali achiwiri m'banja la ana awiri.

Chaka chitatha asanayambe kukhala pansi okha, makolo anawatengera ku Hanoi, komwe madokotala anapeza kuti minofu yawo ndi yofooka, ndipo msana ukupindika n'kumapanikiza mapapo. Mu 2018 anawapangira chovala cholimba cha pulasitiki, chogwira thupi kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. Akachivala ankakhala mowongoka, mpweya n'kumalowa bwino. Akachivula ankapendekera kumbali ngati mpunga wogonetsedwa ndi mphepo. A Diep ankachitcha chigoba, ndipo m'mawa ankakalipira achimwene awo a Quang kuti, "Mangani malambawo, aulesi inu, nkhanu ichedwa kusukulu!"

Sukuluyo anaiyamba mu Seputembala 2022. Ankakonda kuimba, ngakhale mpweya unkawathera nyimbo ili pakati. Anzawo ndiwo ankamalizitsa.

Mu Januwale chaka chino anadwala chibayo n'kugonekedwa m'chipatala. Anatisiya pa 2 Febuluwale.

Pali chinthu chimene banja silinkadziwa mpaka dzulo. M'sabata yomaliza, mayi Nhan ankazemba kuchipatala masana atanyamula thumba, osanena kopita. Ankapita kwa bambo Thuoc, amene amapanga nyumba ndi zovala za mapepala zimene timawotcha pa maliro kuti omwalira akazigwiritse ntchito kumene apita. Tonse tikudziwa kuti kuitanitsa zimenezi munthu akadali moyo n'kumuitanira imfa, choncho bambo Thuoc anakana, anakananso. Mayiwo anangotulutsa chigoba m'thumba n'kunena kuti, "Akulu, kumene akupitako kulibe wodziwa kupanga ichi. Mwana wanga mpweya akaukoka bwanji?"

Chigoba cha pepalacho ndi chimene mukuchiona pambali pa bokosi, ndipo tikachiwotcha kumanda. Ndi chokulirapo pang'ono kuposa cha pulasitiki chija. Mayi anapempha choncho, akuti mwana akukula. Mayi Nhan, lekani kudziimba mlandu. Imfa simunaiitane ndinu.

Malemu asiya bambo, mayi, achimwene ndi agogo aakazi. Tikuthokoza anamwino, aphunzitsi, anansi amene akhala nafe chigwereni zovutazi, komanso bambo Thuoc, amene pamapeto pake anavomera.

Mzimu wa a Diep uuse mumtendere.