Neti Tinafunditsa Mbande za Tiyi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Mundikhululukire kuti mwana wosadziwa kulemba ngati ine ndikuima pamaso panu, sukulu ndinalekezera Sitandade 8 kwathu kwa Changata. Koma za malungo a mlongo wanga Esinati sindingakhale chete.

Kwathu n'kumtunda. Makolo ankati kuno n'kozizira, udzudzu sukhala, malungo ndi a anthu a kuchigwa. Azaumoyo atabwera ndi maneti, anatichenjeza kuti nyengo yasintha, kutentha kwakwera mapiri ndipo udzudzu wakwera nako. Bambo anangoseka. Neti yathu tinafunditsa mbande za tiyi kuti zisapse ndi dzuwa.

Esinati atayamba kutentha thupi, amayi anati ndi chimfine cha mvula, chitha chokha. Tinamufunditsa mabulangete n'kumapita kukathyola tiyi, poti masiku a dzinja kujomba n'kutaya ntchito. Mwana ankanyentchera tikuona. Anasiya kudya, kenaka anasiya ngakhale kulira. Tsiku lina masana ndinam'peza atakomoka, maso atatembenuka, zikhatho zili mbuu.

Ndinam'bereka n'kuthamangira kumsewu, amayi akulira pambuyo. Galimoto kunalibe, mvula inali itawononga msewu. Amayi anagwada m'matope n'kumapemphera m'Chilomwe. Ine pemphero linandikanika. Ndinkangomva mutu wake ukugunda pamsana panga, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza za matabwa a bokosi.

Kenaka inatulukira thirakitala ya esiteti, itadzaza masamba a tiyi opita kufakitale. Oyendetsa anali a Makwinja, bambo aukali amene tonse tinkawaopa.

"Iwe, wanyamula mtembo kapena munthu?"

"Akupumabe pang'ono, bambo."

"Nanga ukuyang'ana chiyani? Kwera! Tiyi akapsa akapitawo akalalatira ine, osati iwe."

Tinamugoneka pamatumba a masamba mpaka kuchipatala ku Makwasa. Anamwino anati ndi malungo aakulu, magazi atha. Anga sanagwirizane ndi ake, a amayinso anali ochepa. A Makwinja anapinda malaya n'kupereka magazi awo.

Sabata yonse Esinati sanatizindikire. Atatsitsimuka, khutu limodzi linali litagontha, ndipo silimva mpaka lero. A Makwinja anawachotsa pathirakitala chifukwa tiyi uja anapsa, pano amasenga udzu m'misewu ya esiteti.

Komabe ndikuthokoza Mulungu amene anamva amayi pamene ine ndinali nditataya mtima. Inu amene mwabereka wodwala lero, musaleke kuyenda, ndipo mverani azaumoyo. Esinati anatuluka m'chipatala akuyenda yekha Lachisanu, pa 17 Febuluwale 2006.